Mbalame ya Sikusinja Sibwera ku Khoti

Amene mudadutsa m'kalasi ya Chichewa, kapena mudakhalako pamoto ndi agogo madzulo, nkhani ya Sikusinja ndi Gwenembe mukuidziwa. A John Gwengwe adaiika m'buku, koma mafupa a nthanoyi ndi akale kuposa pepala. Anyamata awiri apachibale apita kutali kukasaka chuma. Wina asunga zimene wapeza, wina amwaza. Pobwerera kumudzi Gwenembe, womwaza uja, apha Sikusinja panjira n'kutenga katundu wake. Malo ake ndi patchire, woona palibe. Koma pakutulukira mbalame, ikuimba zimene zachitika. Aithamangitse, ibwerera. Aiphe, idzuka. Mpaka ikafika pamudzi n'kuulula zonse anthu akumva.

Nkhaniyi ndimaikonda. Koma lero ndikufuna ndiiimike pabwalo pang'ono, chifukwa ndikuona kuti idatisiyira chizolowezi china chimene a Gwengwe mwina sadalinge n'komwe.

N'chifukwa chiyani mbalame ija timaikhulupirira? Yankho ndi losavuta: ife tidaliko. Wofotokoza nkhani adatigwira dzanja n'kupita nafe kutchire kuja, tidaona ndi maso athu Sikusinja akugwa. Pamene mbalame ikuyamba nyimbo, ife mlandu tidaugamula kalekale, tikungodikira kuti anthu a m'mudzi atipeze pamene tili. Ndiye tayesani izi. Ng'ambani tsamba la kuphana lija. Khalani mmodzi mwa anthu a m'mudzimo. Mukuona mnyamata wafika ndi mitolo, mbale wake palibe, ndipo mumtengo muli mbalame ikutchula dzina lake. Zimene muli nazo ndi zomwezo basi. Mwina Sikusinja adagwidwa ndi mkango. Mwina adatsalira kwa mkazi kumene adapitako. Mwina mbalameyo yatumidwa ndi munthu amene adalimbiranapo malire a munda ndi Gwenembe; pajatu m'dziko limene mbalame zimaimba mawu a anthu, kutuma mbalame si nkhani yovuta. Kodi mudziwo ukadachita mosiyana? Ine ndikukayika. Ukadachita zomwezo, n'kukagona tulo tabwino.

Apa ndiye pamasiyana bwalo la m'buku ndi bwalo lenileni. M'buku muli mlembi, woona zonse mpaka za mumtima. Ku khoti kulibe mlembi wotero. Kuli wapolisi amene adafika zinthu zitachitika kale, mboni imene idaona mumdima, fayilo imene mwina yathothoka tsamba, ndi woweruza amene usiku wa mlanduwo adali kwawo akudya nsima ngati ife tonse.

Chifukwa cha kuchepa kwa maso kumeneku, padakhazikitsidwa mfundo imene kwa munthu woberedwa imamveka ngati mwano: aliyense wozengedwa mlandu atengedwe kuti ndi wosalakwa mpaka bwalo litamupeza wolakwa. Kwathu kuno ili m'gawo 42 la malamulo aakulu oyendetsera dziko, a 1994 aja. Gawo lomwelo likuti womangidwa aonekere ku khoti pasanathe maola 48, ali ndi ufulu wokhala chete, ndipo atulutsidwe, kaya pa belo kaya popanda belo, pokhapokha ngati chilungamo chikufuna kuti asungidwe. Maloya athu akamaphunzira mfundoyi amayambira pa mlandu wa ku England wa mu 1935. Reginald Woolmington adawombera mkazi wake n'kunena kuti mfuti idalira mwangozi. Woweruza woyamba adati popeza kupha wavomera, iyeyo ndiye aonetse kuti idalidi ngozi, ndipo adagamulidwa kuti anyongedwe. Bwalo lapamwamba, House of Lords, lidakana. Lidati ntchito yotsimikizira kulakwa ndi ya woimba mlandu kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo Woolmington adatuluka.

Ambiri timaimva mokhota mfundoyi. Siikunena kuti munthuyo sadabe. Siikunenanso kuti inu mumukonde kapena mumubwereke foni yanu. Ikunena za mtolo wa umboni, kuti ausenze ndani. Boma lili ndi apolisi, magalimoto, chitokosi ndi ndende. Ndiye boma lisenze. Woganiziridwa ali ndi pakamwa pake pokha, ndipo nthawi zambiri ngakhale loya alibe.

Makolo athu vuto la kusowa mboni ankalidziwa bwino, ndipo adayesa kudzipangira mbalame yawo. Mwavi udali zimenezo. Khungwa la mtengo alisinja, alisungunula m'madzi, woganiziridwa amwe. Akasanza ndiye kuti ndi woyera, akafa ndiye kuti adali mfiti kapena wakuba. Onani kumene mtolo wagwera: mimba ya woganiziridwa ndiyo ikuyankha mlandu. Ndipo kunali anthu opempha okha kuti amwe, chifukwa kukhala pamudzi ndi dzina lodetsedwa kunali kowawa kuposa kuyesa imfa. Atsamunda adauletsa mwavi ndi lamulo la ufiti la 1911, lomwe lija likuletsanso kuloza munthu chala kuti ndi mfiti. Koma musafulumire kunena kuti chikhalidwe chathu ndi mwavi basi. Makolo omwewo ndi amene adatisiyira Kalulu. Kangati m'nthano Kalulu amadya za eni ake usiku, n'kukapaka zotsala pamlomo pa mnzake amene ali m'tulo, m'mawa bwalo la mfumu Mkango n'kulanga wopakidwayo? Ana amaseka, koma agogo akunena chinthu chachikulu: umboni wooneka ndi maso ukhoza kukhala woikidwa ndi munthu. Pabwalo la mfumu napo, nkhani imayamba mbali zonse ziwiri zitakhala pansi ndi ankhoswe awo. Ndiye munthu akakuuzani kuti zomva mbali ya woganiziridwa ndi za azungu, mufunseni ngati Kalulu adabadwira ku London.

Mawu akuti ndi za azungu amenewa adanenedwapo ndi anthu aakulu, mumzinda muno momwe, ndipo adasintha dziko kwa zaka zoposa 20.

Mukaima pa Mandala, pafupi ndi nyumba yakale ya 1882 ija, malo onse a nkhaniyi ali pamtunda wa minibasi imodzi kapena ziwiri. Mukatsata njira ya ku Limbe mufika pa Chichiri, pamene pali Khoti Lalikulu, ndende nayo ili chakomweko. Mukapotolokera kumwera, kunsi kwa phiri la Soche, mufika ku Chilobwe. Kuyambira chakumapeto kwa 1968 mpaka mu 1970, ku Chilobwe ndi madera oyandikana nako kudaphedwa anthu osachepera 30, usiku, m'nyumba zawo, matupi ena atadulidwadulidwa. Tangoganizani kugona m'nyumba ya chitseko cha matabwa m'miyezi imeneyo. Mphekesera zidabuka zoti magazi a anthuwo akupita ku South Africa kukabweza ngongole za boma. Kwa Kamuzu Banda, amene adali paubale ndi boma la tsankho la kumeneko pamene mayiko ena a mu Africa adalitaya, mphekesera imeneyi idali moto padenga.

Mu 1969 amuna asanu adaimbidwa mlandu ku Khoti Lalikulu. Woweruza adaona kuti umboni ndi wosakwanira ndipo adawamasula. Mzinda udakwiya, ndipo ine anthuwo sindiwaseka. Munthu amene waika maliro a mnansi wake n'kumva kuti ogwidwa aja atuluka sangaombe m'manja. Koma tamverani zimene atsogoleri adachita ndi mkwiyowo. Ku nyumba ya malamulo aphungu ndi nduna adadzudzula majaji achizungu, maloya oimira oganiziridwa ndi malamulo a kaperekedwe ka umboni, ati ndizo zikupulumutsa zigawenga. Kamuzu mwini wake adanena kuti kusowa kwa umboni sikutanthauza kuti munthu ndi wosalakwa.

Chiganizo chimenechi ndi choopsa chifukwa ndi choona. Indedi, munthu akhoza kupha osasiya umboni. Gwenembe naye umboni sadasiye. Koma chiganizochi chikalowa m'khoti chimatembenuza zonse, chifukwa palibe munthu pansi pano amene angaonetse umboni wakuti sadachite chinthu chimene palibe adaona. Inuyo mungatsimikize bwanji kuti Lachiwiri lapitali, 2 koloko usiku, mudali m'tulo? Mboni yanu ndi bulangeti.

Chaka chomwecho lamulo lidasinthidwa. Mabwalo amene ankatchedwa a chikhalidwe, a m'zigawo zitatu, adapatsidwa mphamvu zozenga milandu ikuluikulu, ya kupha yomwe, ndi kugamula chilango cha imfa. Pambuyo pake adawonjezerapo milandu youkira boma. Pamipando padakhala mafumu ambiri kuposa odziwa malamulo, onse osankhidwa ndi boma. Wozengedwa mlandu sankaloledwa kukhala ndi loya, ndipo apilo siinkapita ku Khoti Lalikulu koma ku bwalo lina la mtundu womwewo. Majaji anayi a ku Britain adatula pansi udindo. Kenaka, mu 1970, apolisi adagwira munthu wina, Walla Laini Kawisa, amene adavomera zina mwa imfazo ndipo adaweruzidwa kuti aphedwe. Ofufuza mbiri ambiri sakhulupirira kuti munthu mmodzi akadatha zonse zija yekha. Koma taonani: boma lomwe lija lidalusira jaji chifukwa chomasula amuna asanu lidadzaloza munthu winanso kuti ndiye wakupha. Malamulo amene adasinthidwa chifukwa cha asanuwo sadabwerere m'malo. Mabwalowo adagwira ntchito mpaka mu 1993.

Pa milandu yonse imene idapita kumeneko, wodziwika kwambiri ndi wa a Orton ndi a Vera Chirwa. Adagwidwa pa 24 Disembala 1981, n'kuzengedwa mlandu woukira boma ku bwalo la chigawo cha kummwera ku Soche. A Orton, nduna yoyamba ya zachilungamo m'dziko muno, adakanizidwa loya. Awiriwo adadziimira okha. Mu 1983 adagamulidwa kuti aphedwe, chilango chidasinthidwa kukhala moyo wonse m'ndende, a Orton adamwalira ku ndende ya Zomba mu Okutobala 1992, a Vera adatuluka mu Januwale 1993. Nkhani imeneyi imatikhudza mosavuta chifukwa a Chirwa timawakonda.

Mlandu umene ine umandisowetsa mtendere ndi wina, wa Albert Muwalo Nqumayo ndi Focus Gwede. Muwalo adali mlembi wamkulu wa chipani cha Malawi Congress, Gwede adali mkulu wa apolisi a Special Branch. Anthu awiriwa dzina lawo linkazizira m'nkhongono. Ambiri amene adagona ku Mikuyu popanda mlandu m'zaka zimenezo ankatchula iwowa. Adagwidwa mu 1976, n'kuimbidwa mlandu wofuna kugwetsa boma. Mwa umboni umene bwalo la chikhalidwe lidalandira mudali makalata opanda dzina la wolemba. Chifukwa chowalandirira? Mwambi umene tonse timaudziwa: utsi sufuka popanda moto. Muwalo adanyongedwa mu 1977. Gwede chilango chake chidasinthidwa, adakhala m'ndende mpaka mphepo ya matipate itawomba.

Mwambi ndi chinthu chabwino pamaliro, paukwati, polangiza mwana. Koma mwambi sufunsidwa mafunso. Simungauimike m'bokosi la mboni n'kuufunsa kuti udali kuti tsiku limenelo, kapena adakutuma ndani. Komanso aliyense amene adakolezapo mbaula ndi makala onyowa akudziwa kuti utsi umatha kudzaza nyumba yonse moto usadagwire n'komwe. Kalata yopanda dzina ndi mbalame ya Sikusinja yopanda tsamba la kutchire lija: ikuimba mokweza, koma palibe adaona chimene ikuimbacho.

Tsono apa ndi pamene ndili ndi dandaulo ndi mabuku, athu ndi akunja omwe. Tili ndi zolemba zamphamvu za anthu otsekeredwa popanda mlandu. Sam Mpasu adalemba Political Prisoner 3/75, za zaka zimene adakhala ku Mikuyu atalemba buku lopeka la Nobody's Friend. Jack Mapanje adagwidwa ku Zomba mu Seputembala 1987 n'kutuluka mu Meyi 1991 osauzidwa mlandu wake m'khoti lililonse, ndipo adazifotokoza mu And Crocodiles Are Hungry at Night. Legson Kayira mu The Detainee adatipatsa Napolo, munthu wakumudzi amene wanyamuka ulendo wokafuna chithandizo cha matenda n'kugwa m'manja mwa boma lankhanza. Mabuku amenewa ndi ofunika, ndipo amene simudawawerenge muwasake. Koma pa nkhani ya lero amatipatsa mayeso ophweka. Tikudziwa kuyambira tsamba loyamba kuti munthuyu sadalakwe. Chifundo chathu sichikutilipiritsa kanthu. N'chimodzimodzi Tom Robinson mu To Kill a Mockingbird ya Harper Lee: wowerenga amaona poyera kuti akumunamizira. N'chimodzimodzi Sirius Black wa m'mabuku a Harry Potter, amene adaponyedwa ku Azkaban popanda kuzengedwa mlandu. Timakwiya nazo pokhapokha mlembi atatiululira kuti wopereka anzake adali wina. Mbalame yabweranso, kungoti ulendo uno ikuimbira kumbali ya woganiziridwa.

Za mafilimu a ku Nigeria amene tidakulira m'mavidiyo sho ndisanene zambiri. Kumeneko woipa amachita misala pamsika n'kuyamba kuulula yekha, kapena abusa amapemphera mpaka mfiti igubuduzike pabwalo. Wapolisi amangobwera kudzatenga munthu amene kumwamba kwagamula kale. N'zokoma kuonera. Koma mwana amene waona mafilimu 200 otere amakula akudziwa kuti choonadi chimadzitulukira chokha, ndipo amene akuoneka woipa ndi woipadi.

Ngati mfundo ya kusalakwa imagwira ntchito pa anthu okhawo amene tikudziwa kale kuti ndi osalakwa, ndiye kuti ilibe ntchito. Mayeso ake enieni ndi Muwalo: munthu amene mukumuda, amene mwina adatsekera malume anu, amene mtima wanu ukuti aone zimene adaonetsa ena. Kodi ameneyo mungamufunire umboni weniweni? Ine ndikuti inde, ndipo sindikunena chifukwa chomumvera chisoni. Chingwe chimene chidaloledwa kugwira ntchito ndi kalata yopanda dzina mu 1977 ndi chomwecho chidadikirira a Chirwa mu 1983.

Nkhani yopeka imene ndikuiona kuti idakhoza mayesowa ndi filimu yakale ya 1957, 12 Angry Men, ya Sidney Lumet. Amuna 12 atsekeredwa m'chipinda chotentha kuti agamule ngati mnyamata wina adabaya bambo ake. Onse akuti adabaya, kupatula mmodzi, Henry Fonda, amene sakunena kuti mnyamatayo ndi wosalakwa. Akungoti sakutsimikiza, ndiye akambirane kaye. Filimu yonse ndi kusanthula umboni: mpeni umene ankati ndi wosowa koma ukupezeka m'sitolo, nkhalamba yotsimphina imene ikuti idathamangira kukhomo, mayi amene akuti adaona zonse kudzera m'mazenera a sitima yodutsa. Chimene chimandigwira ndi chakuti kamera siipita kumalo a imfayo ngakhale kamodzi. Filimu ikutha, mnyamata wamasulidwa, ndipo inu woonera simukudziwa ngati adapha kapena ayi. Mwina amasula wakupha. Lumet akukusiyani ndi mwala umenewo m'mimba, ndipo ndi mwala womwewo umene jaji wa 1969 uja adapita nawo kunyumba.

Franz Kafka adalowera khomo lina. Mu The Trial, Josef K. amangidwa m'mawa wina osauzidwa chimene walakwa, ndipo mpaka mapeto sauzidwa. Choopsa m'bukumo si apolisi ayi. Ndi mmene K. mwini wake akuyambira kuyenda ngati wolakwa, kufunafuna odziwana ndi akuluakulu, kupepesa pa zimene sakuzidziwa. Amati ndi buku lovuta, la anthu a ku yunivesite. Koma aliyense amene adakwezedwapo galimoto ya apolisi pa mlandu wa vakabu amalimva bukuli popanda mphunzitsi.

Vakabu lidali gawo 184(1)(c) la malamulo a milandu ya upandu, lochokera nthawi ya atsamunda. Linkati munthu wopezeka pamsewu kapena pafupi ndi nyumba, pa nthawi ndi m'njira yopangitsa ena kuganiza kuti ali ndi cholinga choipa, ndi wolakwa. Osati waba. Osati wathyola. Wangooneka ngati angabe. Ndipo ndani amaoneka choncho 3 koloko m'bandakucha? Si wa Prado ayi. Ndi mlonda, wogulitsa mandasi, mayi wokapikula tomato, mnyamata amene ya minibasi yamuthera. Ambiri ankangovomera mlandu kuti alipire faindi azipita, chifukwa kukana kunkatanthauza masiku ena m'chitokosi bizinesi itaima. Mu Malichi 2015 apolisi adagwira Mayeso Gwanda, wogulitsa majumbo, cha pa Chichiri kusanache, ali paulendo wa ku Limbe kukagulitsa malonda ake. Iye sadavomere. Mlandu udakwera mpaka ku Khoti Lalikulu, ndipo mu Januwale 2017 majaji atatu adagamula kuti gawolo likutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko. Wogulitsa majumbo adagwetsa lamulo limene lidapirira atsamunda, Kamuzu ndi maboma angapo a matipate. Mwa nkhani zonse za makhoti athu, imeneyi ndiyo ndikadakonda ana a sukulu azichita sewero.

Chaka chomwecho cha 2017, miyezi ingapo chigamulocho chitaperekedwa, kudabuka za anamapopa. Zidayambira cha ku Mulanje ndi Phalombe mu Seputembala, pofika Okutobala zidalowa mu Blantyre. Anthu osachepera 8 adaphedwa ndi magulu a anthu olusa. Magazi omwe aja a ku Chilobwe, patapita zaka pafupifupi 50, mphekesera yake yomweyo yavala malaya ena. Wophedwa sankafunsidwa zambiri. Kukhala mlendo pamudzi, kunyamula chikwama, kuyankha mochedwa, zinali zokwanira. Khoti la pamsewu limeneli tonse tidaliona: wina akuwa kuti wakuba, amene ali kutsogolo akuthawa chifukwa akudziwa chimene chikubwera, ndipo kuthawako kukusanduka umboni. Amene akufika mochedwa ndi mwala sakudziwa ngakhale chimene chabedwa.

Ndipo tsopano mbalame tili nayo m'thumba. Chithunzi cha munthu chiikidwa pa Facebook ndi mawu akuti samalani naye uyu. Pofika madzulo chazungulira magulu onse a WhatsApp, la mpingo, la ophunzira akale, la pabanja. Woika uja akachichotsa, wina adajambula kale sikirinishoti. Aithamangitse, ibwerera. Aiphe, idzuka. Zonse zimene mbalame ya Sikusinja inkachita foni ikuchita, kupatula chimodzi: mbalame ija idaliko kutchire. Ife timasheya tili pa Ginnery Corner, tikudikira minibasi, n'kumamva mumtima ngati tidawerenga tsamba la kuphana lija.

Ndikudziwa chimene ena mukunena pofika apa, ndipo muli ndi mfundo. Mukuti mawu akuti sindidapezeke wolakwa asanduka chishango cha akuluakulu. Wandale akagwidwa m'mawa, madzulo ali kunyumba pa belo, loya wake akuwerenga gawo 42 pa wailesi. Mlandu wa katangale wa a Bakili Muluzi udayamba mu 2006 n'kudzathetsedwa mu 2023 popanda chigamulo. Pamaso pa lamulo iwo ndi osalakwa, ndipo dziko silidamve yankho la khoti pa ndalama zimene zinkanenedwazo. Pamene ku ndende ya Chichiri kuli anyamata a pa limandi amene akudikira tsiku la khoti miyezi ndi miyezi pa nkhani ya foni imodzi, akugona mothithikana ndi ogamulidwa kale. Mukutinso pali milandu ina, monga ya nkhanza kwa amayi ndi ana, imene imachitikira kuchipinda kopanda mboni, ndipo wodandaula akapita kupolisi amabwerako ngati wolakwa ndi iyeyo. Kwa ameneyo Facebook ndi bwalo lokhalo limene lidamumvera.

Zonsezi ndi zoona, ndipo yachiwiriyo ndiyo imandilemera kwambiri. Koma taonani bwino chimene chavuta. Mnyamata wa pa limandi uja sakuvutika chifukwa mfundo ya kusalakwa yachuluka. Akuvutika chifukwa kwa iye siidafike. Ili ngati madzi a m'mipope: kumayadi akuthirira kapinga, ku Ndirande akudzuka 4 koloko ndi zigubu. Wanzeru sanena kuti tsekani madzi konse kuti tifanane. Mlandu wa wamkulu ukatha zaka 17 osagamulidwa, chimene chalephera ndi kuzenga mlandu. Mayi wodandaula akabwezedwa pa kauntala, chimene chalephera ndi kufufuza. Mu 1969 dziko lidaona kufufuza kolephera, n'kuganiza kuti mankhwala ake ndi kuchepetsa umboni wofunika. Akupha a ku Chilobwe sadapezeke onse ndi njira imeneyo. Amene adapezeka ndi ena, zaka zotsatira, mmodzimmodzi.

Buku limene ndikulilakalaka m'Chichewa ndi la mmodzi mwa amuna ngati asanu aja. Lisakhale mbiri, mlembi apeke munthu wake, dzina lake, mkazi wake, ntchito yake ku Limbe. Liyambe tsiku limene jaji wanena kuti umboni palibe. Munthuyo atsike basi, ayende wapansi kulowa m'Chilobwe dzuwa likupendeka. Amayi pa mpope asiye kulankhula. Mwana wake amuthamangire, mlamu wake amugwire mwanayo pamkono. Usiku amve anthu akuyenda kuseri kwa nyumba, ndipo m'mawa kumveke kuti kwaphedwanso wina kutsidya kwa mtsinje, pa ola limene mkazi wake adadzidzimuka n'kupeza pamphasa palibe munthu. Iye ati adapita kuchimbudzi. Mlembi atilowetse m'mutu mwa mkaziyo, mwa mlamu, mwa wapolisi amene adamugwira, mwa wachipani wa m'deralo amene akufunsidwa ndi akuluakulu kuti bwanji munthuyu akadali kunja. Koma m'mutu mwa mwamunayo asatilowetsemo, ndipo usiku umenewo asatitengere kutsidya kwa mtsinje. Pamtengo wa pakhomopo pazitera mbalame m'mawa uliwonse, mpheta wamba, izidya gaga n'kuuluka.